Mlendo Wopanda Womudwazika

Ntchito ya ku esiteti sindinaifunsire, inachita kunditsata chifukwa cha lisiti. Nditapuma ukalaliki wa m'boma ndinabwerera kwathu cha ku Chulu, n'kumalima chimanga ndi mtedza ngati wina aliyense. Tsiku lina ndinabweza tayala la njinga ku golosale ya a Saidi chifukwa linang'ambika m'mbali lisanayende n'komwe, ndipo ndinatulutsa lisiti lawo lomwe, lopindidwa bwino mu envulopu. A Saidi anandisinthira tayalalo akuseka, nanena kuti chiyambire malonda awo sanaonepo munthu wosunga lisiti la tayala ngati mtchatho wa ukwati. Kuyambira pamenepo anayamba kunditchula kuti a Malisiti. Ndiye pamene manijala wa esiteti ina ya fodya anadandaula pagolosalepo kuti mapepala a antchito ake ochokera kunja akumuzunguza mutu, a Saidi anangomulozera njira ya kwathu.

Dzina limenelo sindichita nalo manyazi. Pepala siliiwala, sililedzera, ndipo silisintha mawu likaona bwana. M'nyumba mwanga muli thiranki yachitsulo, ndipo m'menemo muli makhadi a sikelo a ana anga amene tsopano ali ndi ana awo, makalata onse amene ndinalandirapo ku ntchito, ndi malisiti a feteleza a zaka zimene mvula yake anthu anaiiwala kalekale. Zimene ndikulemba pano nazonso zili ndi mapepala ake. Mbali imodzi yokha ndiyo ilibe pepala, ndipo ndi imene yandikhazika pansi kuti ndilembe.

Esitetiyo inali ya kampani ina ya ku Lilongwe, ndipo inkalima fodya wa kampopi, uja woumitsa ndi moto m'mabalani, osati wa bale amene ambirife timangopachika m'zigafa. Antchito akunja anali ochepa, ndipo aliyense ndinamutsegulira fayilo yake. Kumanzere ndinkaika fotokope ya pasipoti ndi chilolezo chogwirira ntchito m'dziko muno, kumanja kalata ya mgwirizano wa ntchito ndi mapepala a inshuwalansi ya zaumoyo. Zida zanga zinali chobowolera mapepala, sitepula, rula, chidindo cha deti ndi inki yake, ndi pensulo yofiira yolembera pakalendala tsiku limene chilolezo cha munthu chithere. Mlendo akafika ndinkadzaza fomu ya inshuwalansi, kumatapo zithunzi zake, n'kutumiza ku likulu. Khadi likabwera ndinkamusayinitsa kuti walandira. Mwezi uliwonse ndinkaonetsetsa kuti kampani yalipira, ndipo lisiti lake ndinkalilowetsa m'fayilo tsiku lomwelo. Palibe mwezi umene unadumpha. Ndikunena zimenezi kuti wina asadzati vuto linali kusalongosoka kwa mapepala.

Mmodzi wa alendowo anali a Farai, katswiri woumitsa fodya wochokera ku Zimbabwe. Anali bambo wa msinkhu wa mwana wanga woyamba, wosalankhulalankhula, ndipo akazi awo ndi ana anawasiya kwawo chifukwa chilolezo chinali cha iwo okha. Chichewa anachiphunzirira kumabalani, motero ankadziwa mawu okalipira anthu osonkhezera moto asanadziwe mawu operekera moni kwa apongozi. Ine ankanditchula kuti Sekuru, mwa kwawo, kutanthauza agogo kapena amalume. Tsiku limene ndinawapatsa khadi lawo la inshuwalansi analitembenuzatembenuza, nafunsa ngati kanthu kochepa chotero kangamuchiritsedi munthu kudziko la eni. Ndinawawerengera mayina a zipatala zolipira za ku Lilongwe zimene zinkalandira khadilo, ndi nambala ya foni imene inali kumbuyo kwake, yoti munthu aimbe nthawi ina iliyonse. Analiika m'chikwama, nathokoza mowomba m'manja.

Manja amenewo ndiwo inali ntchito yawo yonse. Fodya akathyoledwa, amasokedwa pamikangala n'kupachikidwa m'balani, ndipo kunja kumakhala ng'anjo imene imatumiza kutentha m'mipopi yachitsulo yodutsa pansi. Poyamba moto umakhala wochepa kuti tsamba lisanduke chikasu, kenako umawonjezedwa kuti tsamba liume, pomalizira umakwezedwa kuti uume mtsempha wapakati. Ukafulumira fodya amatuluka wobiriwira, ukachedwa amada, ndipo kumsika amakuseka. M'balani munkapachikidwa choyezera kutentha, koma a Farai ankangochiyang'ana mwaulemu chabe. Iwo ankalowetsa dzanja, kufumbata tsamba, kupinda mtsempha pakati pa zala, n'kudziwa ngati moto ukwere kapena udikire. Akabwera akuluakulu a ku likulu, manijala ankawagwira a Farai paphewa n'kunena kuti manja a munthu uyu ndiwo akudyetsa esiteti yonse. Mawu amenewo ndinawamva ndi makutu anga, kosawerengeka.

Ngozi inachitika m'nyengo yothyola, mvula ili pakati, dzuwa litangokwera. Mpopi unang'ambika m'balani ina, masamba ouma anagwerapo, moto unabuka. Balani yoyandikana nayo inali yodzaza fodya wotsala pang'ono kutuluka, ndipo a Farai anathamangira kukakoka mikangala yoyaka ndi malata otentha kuti moto usalumphe. Balani yachiwiriyo inapulumuka. Manja awo onse awiri anapsa mpaka cha m'zigongono. Anawakweza pagalimoto ya esiteti, ndipo ine ndinatenga fayilo yawo n'kukwera nawo, pakuti ndinkadziwa kuti kumene tikupita adzafuna mapepala.

Tili m'njira, galimoto ikuterereka m'matope, ndinaimba nambala ya kumbuyo kwa khadi ija. Anayankha mayi waulemu kwambiri. Anafunsa nambala ya khadi, dzina, tsiku lobadwa, zonse ndinamupatsa osakakamira. Kenako anafunsa kumene munthuyo wavulalira. Nditanena kuti pantchito, ananena mwaulemu womwewo kuti zovulala za pantchito si zawo, n'za olemba ntchito. Ndinaimbira manijala. Iye anati kampani imalipira inshuwalansi mwezi ndi mwezi kuti isamavutike ndi zinthu zoterezi, ndipo a kulikulu akambirana ndi a inshuwalansiwo. Anati pakadali pano tipite nawo ku chipatala cha pa Boma, poyembekezera. Mawu akuti poyembekezera ndinadzawamva mpaka kundinyansa.

Kuchipatalako sanayambe ndi kufunsa khadi kapena pasipoti. Anawalandira a Farai ngati munthu wopsa, anawabaya jekeseni wa ululu, anawaika diripi, anatsuka mabala n'kumanga mabandeji mpaka manja anaoneka ngati mitsamiro iwiri. Atawagoneka m'wodi ya amuna, namwino wina wachikulire anabwera ndi buku lake nafunsa kuti gadiyani ndani. Ine mwachizolowezi ndinamutambasulira khadi lija. Analiyang'ana, nandiyang'ana ine.

"Bambo, ka pulasitiki aka kadzawadyetsa phala?"

Aliyense wobadwira m'dziko muno amadziwa zimene namwinoyo ankatanthauza. Munthu akagonekedwa m'chipatala, mankhwala ndi a adokotala, koma kumusambitsa, kumudyetsa, kumuchapira, kumuperekeza kuchimbudzi ndi kukaitana namwino zinthu zikasintha, n'za wachibale womudwazika. Manijala wathu amadziwa zimenezi. Akuluakulu a ku likulu amadziwa zimenezi, ndipo mayi awo akadwala kumudzi amatumiza alongo awo ndi ndowa ndi mphasa tsiku lomwelo. Koma anthu omwewo anaitana munthu kuchokera kutsidya kwa malire awiri, namupatsa khadi, osadzifunsa ngakhale kamodzi kuti akadzagona chagada adzamutembenuza ndani. Dalaivala amene anatibweretsa anayamba kuyang'ana makiyi ake. Ndinauza namwino kuti alembe dzina langa, Mwale. Atafunsa ubale, a Farai anayankha okha ali pabedi kuti Sekuru, ndipo namwino analemba kuti amalume.

Ndinaganiza kuti ndi za tsiku limodzi kapena awiri, poyembekezera. Ndinapita kuchitando, kumene odwazika matenda amaphikira ndi kugona, nditavala jekete langa la ku ofesi, fayilo ili kukhwapa. Kumeneko kunali amayi okhaokha, ndipo nditangolowa phokoso linatha. Mayi wina wamtali, wochokera kumpoto kwa boma lathu kumene Chichewa amachisakaniza ndi Chitumbuka, ndiye anayamba. Dzina lake anali NyaGondwe, ndipo ankadwazika amuna ake amene anathyoka mwendo atagwa pangolo.

"Adada, mwabwera kudzatilemba mayina kapena kudzaphika?"

Ndinati kudzaphika. Anafunsa kumene kuli poto wanga, ndipo amayi onse anaseka mpaka wina kutsamwa ndi utsi. Atamva kuti wodwala wanga ndi mlendo wopsa manja, wopanda wachibale m'dziko lonse lino, kuseka kunatha. NyaGondwe anandisunthira mafuwa ake, nandibwereka kapoto ndi mbale, nandiuza kuti jekete ndivule chifukwa kuno kulibe msonkhano. Komabe sanaleke kundinyogodola mpaka tsiku limene tinasiyana. Phala langa loyamba analitcha simenti, nati ndilisunge m'fayilo limodzi ndi mapepala enawo.

Ntchito yodwazika inali yachilendo kwa ine. Malemu akazi anga atadwala anadwazikidwa ndi abale awo aakazi, monga mwa mwambo, ine ndinkangobwera nthawi yoona odwala ndi shuga ndi sopo. Tsopano ndinaphunzira pa ukalamba, ndipo mphunzitsi wanga anali NyaGondwe. Supuni siidzazidwa, ndipo sumupatsa munthu ina asanameze yoyamba. Madzi osamba umatenthetsa m'mamawa mzere usanatalike, kuti adokotala akamazungulira apeze wodwala ali wosamba. Bandeji isanyowe, ndiye manja umawakweza pamtsamiro n'kupukuta thupi ndi kansalu. Masana umakhala pambali ndi chitenje kuingitsa ntchentche. Nditayamba kutopa, amayi aja anayamba kusinthana kundiphikira, wina ndiwo, wina phala, osauzidwa ndi munthu. Koma NyaGondwe anandiuza mosabisa kuti kuphika angandithandize, za thupi la mwamuna wa eni n'zanga.

Zimenezo ndizo zinali zolemera. Tsiku loyamba limene a Farai anafuna kupita kuchimbudzi anapirira nthawi yaitali osanena, mpaka ndinaona thukuta pamphumi. Ndinawadzutsa, tinayenda, ndinawamasula buluku ndi manja anga, ndipo pambuyo pake ndinachita zonse zimene mayi amachitira khanda. Bambo wa ana, katswiri amene anthu ankamuvulira chipewa kumabalani. Iwo anayang'ana kudenga nayamba kundifotokozera kusiyana kwa fodya wa m'munsi mwa mtengo ndi wa kunsonga, ine n'kumavomera ngati tili mu ofesi. Kuyambira tsiku limenelo, tikalowa m'menemo tinkakamba za fodya. Ndikudziwa zambiri za kampopi lero kuposa alimi ena, ndipo sindiuza anthu sukulu imene ndinaphunzirira.

Dokotala amene ankatsuka mabalawo anatiuza zoona zake. Manjawo akanatha kupola, koma pokhapokha mabala atatsukidwa pa nthawi yake, osalowa fumbi, ndiponso zala zitamapindidwa ndi kuwongoledwa tsiku ndi tsiku ngakhale wodwala alire. Kupanda kutero, khungu likamapola limakoka zala, dzanja n'kuuma ngati phazi la nkhuku. Anandionetsa mmene ndingagwirire chala chilichonse, ndipo ndinkachita zimenezo m'mawa ndi madzulo, a Farai ataluma kolala ya malaya. Akazi awo anali atauzidwa, koma pasipoti yawo inali itatha, ndipo ankayembekezera ina.

Ukalaliki sindinausiye. Wodwala akagona masana ndinkakhala pakhonde la wodi, fayilo pamaondo, kulemba makalata. A inshuwalansi ankayankha kuti nkhaniyi ndi ya kampani. A kampani ankayankha kuti akukambirana ndi a inshuwalansi. Kalata iliyonse inkayamba ndi kupepesa ndipo inkatha ndi kufunira wodwala kuchira msanga. Ndili nawo onse. Munthu wowawerenga angaganize kuti a Farai anali ndi abale ambiri owakonda. Koma pa onse amene anasayina makalata amenewo panalibe ngakhale mmodzi amene anadziwa kuti wodwalayo amagona bedi la pawindo kapena la pakhomo.

Tsiku lovuta linafika mabala akadali aiwisi. Inali nthawi yamasana yoona odwala, m'wodi modzaza anthu ndi madengu. Manijala analowa atanyamula buledi ndi botolo la juwisi, akumwetulira, nanena kuti wabwera ndi uthenga wabwino. A kulikulu anali atapeza njira. A Farai abwerere kwawo kuti akasamalidwe ndi abale awo, ndipo kampani, mwa chifundo chake, yagula kale tikiti ya basi. Galimoto inali panja kuti iwatengere ku Lilongwe tsiku lomwelo. Za ntchito, anati zidzaoneka akadzachira. Ine amene ndinkasunga kalata ya mgwirizano ndinkadziwa kuti sizidzaoneka, koma si za ntchito zimene zinandiwiritsa magazi.

Ndinamufunsa ngati akuidziwa njira imene basiyo imadutsa. Imatulukira ku Dedza, imatsikira ku Tete kumene kumatentha ngati m'balani momwe, anthu atapanikizana ndi katundu, fumbi likulowera m'mawindo, kenako malire ena, mizere ina. Ndinafunsa kuti pasipoti adzaigwira ndani pawindo la olowa ndi otuluka, madzi adzawamwetsa ndani, ndipo basi ikaima pathengo kuti anthu adzithandize, buluku adzawamasula ndani. Manijala anati m'basi mumakhala anthu, ndipo anthu ndi achifundo. Ndinafunsa ngati mng'ono wake angamukweze basi yotero manja ali mmenemo. Pamenepo kumwetulira kunatha.

"A Mwale, tinakulembani ukalaliki, osati unamwino. Munthuyu kuno alibe munthu. Kwawo ndiye kuli abale ake."

Dokotala anaitanidwa. Ananena mwachidule kuti iye sanamutulutse wodwalayo ndipo ulendo wotere saulola, koma munthu wamkulu samangidwa pabedi. Ngati akufuna kuchoka yekha, pali pepala loti asayine kuti wachoka mwa kufuna kwake. Namwino anabweretsa pepalalo, ndipo apa m'pamene zinaonekera poyera. A Farai sakanatha kugwira cholembera. Sakanathanso kudinda chala, pakuti zala zonse zinali m'mabandeji. Namwino anati zikatere, wodwala anene ndi pakamwa, ndipo womudwazika asayine m'malo mwake. Anatsegula buku lake nawerenga dzina la womudwazika, ngakhale ankalidziwa bwino lomwe.

Manijala anawerama pabedi nayamba kulankhula ndi a Farai m'Chingerezi, motsitsa mawu. Anati kampani yachita mbali yake, ndipo ngati akana thandizo limeneli asadzayembekezere lina. Anati nkhalambayi ili ndi ntchito yake ndipo mawa ikubwerera ku ofesi, ndiye aganize bwino kuti atsala ndi yani. Ndinaona nkhope ya a Farai ikusintha. Munthu ali kudziko la eni, ana ake ali kutali, manja alibe, ndipo amene anamuitana akumuuza kuti watsala yekha. Sindikanawadzudzula akanavomera. Anatembenukira kwa ine nafunsa chapansipansi, m'Chichewa chawo cha kumabalani.

"Sekuru, mawa mulipo?"

Ndisanayankhe, NyaGondwe anafika ndi mbale yovundikira, pakuti tsikulo inali nthawi yake yotiphikira. Sankadziwa kuti bambo wa nsapato zonyezimirayo ndani, ndipo sindikukhulupirira kuti akanadziwa zikanasintha kanthu. Anamukankha pang'ono ndi chigongono.

"Tasunthani adada, mwana wathu adye. Mwaima pa malo a mbale."

Kumbuyo kwake kunali mayi wina wa kuchitando atanyamula malaya a a Farai amene anachapa m'mawa, ndi wina amene anangobwera kudzafunsa ngati wagona bwino. Anazungulira bedi monga ankachitira masiku onse, wina akukonza mtsamiro, wina akudandaula kuti nkhalambayi yamumeta ndevu mokhotakhota. Manijala anapezeka ataima pakati pa njira ndi buledi wake. Ine ndinayankha funso lija kuti ndilipo, mawa ndi mkuja. A Farai anauza dokotala kuti sachoka.

Manijala anayesabe. Anatulutsa cholembera m'thumba nandipatsa, nati ndine wantchito wa kampani ndipo akundilamula. Zaka zonse za moyo wanga ndasayina mapepala osawerengeka, ndipo sindinasayinepo chinthu chimene sichinachitike. Pepalalo linkanena kuti wodwala wachoka mwa kufuna kwake. Ndinamubwezera cholembera chake. Iye anati ngati mawa m'mawa sindikhala padesiki, ndipereke kiyi wa ofesi. Ndinati palibe chifukwa chodikira mawa. Ndinamasula kiyiyo pa lamba, ndinang'amba kapepala m'fayilo, ndinalembapo deti ndi mawu akuti walandira kiyi mmodzi wa ofesi ndi mmodzi wa kabati, ndipo ndinamupempha kuti asayine. Anasayina, wodi yonse ikuyang'ana. Buledi anamusiya pabedi. NyaGondwe anamugawa kwa odwala onse a mzere umenewo.

Kalata yondichotsa ntchito inandipeza kuchipatala komweko. Imanena kuti ndinajomba popanda chifukwa. Ndaiwerenga kambirimbiri, ndipo mawu akuti popanda chifukwa amandiwawabe ngati tsiku loyamba. Tsiku limene akuti ndinayamba kujomba ndi tsiku limene ndinakwera galimoto yawo, ndi wantchito wawo, wopsa populumutsa fodya wawo. Fodya wa m'balani yachiwiri ija anasankhidwa, anadindidwa mabelo, anapita kumsika, ndipo ndinamva kuti anagulidwa bwino.

Amuna a NyaGondwe anatuluka ife tikadali komweko. Pochoka NyaGondwe anandisiyira kapoto kaja, nati ndikamaliza ndisapite nako kunyumba, ndipatse wina wobwera chimanjamanja ngati mmene ndinabwerera ine. Akazi a a Farai anafika mvula itayamba kudukiza. Anagwada pakhonde la wodi, nawomba m'manja nthawi yaitali, akulankhula chinenero chawo chimene sindinachimve chonse. Ndinawaonetsa malo athu a mafuwa, mzere wa madzi otentha, ndi mmene zala zimapindidwira, ndipo kapoto kaja ndinawapatsa iwo. Ndinabwerera kwathu n'kupeza mtedza wanga utamera udzu mpaka m'chiuno.

Manja a a Farai anapola. Zala ziwiri za kumanzere zinakhota ndipo sizidzawongokanso, khungu ndi lamawangamawanga, koma dzanja limafumbata ndipo limamva. Esiteti ina cha ku Lukwa inawalemba ntchito, inawakonzera chilolezo china, ndipo akuumitsabe fodya. Nkhani ya chipukuta misozi tinaipititsa ku ofesi yoona za antchito ndi mafotokope anga onse, ndipo kampani ija ikuyankhabe makalata mwaulemu, poyembekezera. Chaka chatha anabwera kudzandiona panjinga yamoto, akuyendetsa okha. Anandigwira chanza mwamphamvu dala mpaka ndinadandaula, kenako anandifunsa ngati ndikukumbukira kusiyana kwa fodya wa m'munsi ndi wa kunsonga. Tinaseka awiriwiri, ndipo ana anga sanamvetse chimene chinali choseketsa.

Masiku ano achinyamata a m'dera lathu akamapita ku Joni kapena kwina, ena amabwera ndi mapepala awo kuti a Malisiti awaonere. Ndimawaonera ndithu, mzere ndi mzere. Inshuwalansi sindiinyoza, ndipo amene angathe kukhala nayo akhale nayo. Ndimawauza kuti afunse asanadwale ngati imalipira zovulala za pantchito, ngati ili ndi chipatala pafupi ndi kumene akakhale, ndiponso amene ali ndi mphamvu yowakweza basi akadwala. Ndimawauza kuti asunge fotokope ya chilichonse. Zikatha zimenezo ndimatseka envulopu n'kufunsa funso limene silili pa fomu iliyonse, lakuti akagonekedwa kumeneko adzawadwazika ndani.

Mdzukulu wa mlongo wanga, bambo wa ana awiri amene akufuna kunyamuka chaka chino, anandiyankha kuti ndisadandaule, kumeneko anzake aliko ambiri. Ndinamuuza kuti sindinafunse za anzake omwa nawo tiyi. Ndinafunsa dzina la munthu mmodzi amene adzamumasule buluku manja ake atamangidwa. Anaseka, kenako anaona kuti ine sindikuseka. Anayamba kuwerenga anthu m'mutu mwake. Envulopu yake ndinaisunga m'thiranki, ndipo ndinamuuza kuti adzaitenge akapeza dzinalo.